Nambala ya pa bolodi la drafuti, 18,446,744,073,709,551,615: mafunso ndi mayankho

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje. Chaka chilichonse tikafika pa mutu wa manambala okula mowirikizawirikiza, ndimalowa m'kalasi nditanyamula bolodi la drafuti ndi kambale ka chimanga. Nkhaniyo sithera m'kalasi. Ana amakaikamba kunyumba, ndipo sabata isanathe ndimayamba kuimitsidwa panjira, pena ndi kholo pa msika wa Chitakale, pena ndi madala a pabawo, aliyense ali ndi funso lake. Mafunsowo amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano. Khalani ndi pensulo ndi pepala pafupi. Zambiri mwa izi mukhoza kuziyesa nokha, osangodalira kuti anena ndi aphunzitsi.

Kodi nambala imeneyi ikuchokera kuti?

Bolodi la drafuti, chimodzimodzi la chesi, lili ndi timabokosi 64, mizere 8 ya timabokosi 8. Ikani njere imodzi ya chimanga m'kabokosi koyamba, ziwiri m'kachiwiri, zinayi m'kachitatu, 8 m'kachinayi, kabokosi kalikonse kazilandira kawiri zimene zili m'kanzake ka kumbuyo. Mukafika kumapeto n'kuphatikiza njere zonse za pabolodi, mupeza 18,446,744,073,709,551,615.

Pali nthano yakale imene imayenda ndi nambalayi. Amati munthu amene anayambitsa chesi ku India atapereka masewerawo kwa mfumu, mfumuyo inakondwa n'kumuuza kuti atchule mphoto imene akufuna. Iye anapempha tirigu woikidwa pabolodi m'njira imeneyi. Mfumu inamuseka kuti wapempha zachibwana, mpaka osunga nkhokwe atawerengetsa n'kubwera manja ali m'khosi. Wolemba mbiri wina, Ibn Khallikan, anailemba nkhaniyi mu 1256. Ena poikamba amaika mpunga m'malo mwa tirigu, ine ndimaika chimanga. Nthanoyo ndi nthano chabe, koma nambalayo ndi yeniyeni.

Timaitchula bwanji pakamwa?

Ili ndi madijiti 20. Iduleni m'magulu a atatuatatu monga makoma aja akusonyezera: 18 kwintiliyoni, 446 kwadiriliyoni, 744 thiriliyoni, 73 biliyoni, 709 miliyoni, 551 sauzande, 615. Thiriliyoni timaimva pa wailesi a nduna ya zachuma akamawerenga bajeti. Kwadiriliyoni ndi mathiriliyoni 1,000, ndipo kwintiliyoni ndi makwadiriliyoni 1,000.

Polemba mwachidule timati 2⁶⁴ − 1. Ndiye kuti mulembe ma 2 okwana 64, muwachulukitse onse, kenaka muchotsere 1.

Nanga 1 wochotserayo akulowa bwanji?

Apa bawo limathandiza kuposa bolodi. Tengani nkhomo zonse 64 m'manja. Ikani imodzi m'bowo loyamba, ziwiri m'lachiwiri, kenaka 4, 8, 16, 32. Mabowo 6 okha ndiwo adzaza, pansi pali nkhomo 63, ndipo m'manja mwatsala imodzi. Bowo lotsatira likufuna 64. Choncho zonse zimene mwaika kale zikuperewera ndi imodzi yokha kuti zifanane ndi za bowo lotsatiralo.

Izi zimachitika paliponse pamene mungaime. 1 ndi 2 ndi 3, kuperewera imodzi kuti akwane 4. Onjezerani 4 uja, mupeza 7, kuperewera imodzi kuti akwane 8. Chifukwa chake n'chapafupi: ngati zakumbuyo zonse zikuchepa ndi imodzi poyerekeza ndi mulu watsopano, mukaziphatikiza ndi muluwo mupeza milu iwiri yoperewera imodzi, ndipo milu iwiri ndiyo ikufunika m'bowo lotsatira. Pa bolodi la drafuti, kabokosi ka 65 kakanakhalapo kakanalandira 2⁶⁴. Ndiye njere zonse za m'timabokosi 64 ndi 2⁶⁴ kuchotsera 1, ndipo sitinafunike kuphatikiza manambala 64 kuti tidziwe zimenezi.

Pa bawo pali mabowo 32. Tikachitira pamenepo, si ndiye kuti tipeza theka la nambalayi?

Funso ili amandifunsa kwambiri ndi akuluakulu, ndipo yankho lake ndi limene amalikana poyamba. Si theka ayi, komanso sizikuyandikira n'komwe. Mabowo 32 amapereka 4,294,967,295. Mutati muike bawo lachiwiri pambali pa loyambalo n'kupitiriza, bowo loyamba la bawo lachiwirilo lokha likufuna 4,294,967,296, kuposa za bawo loyamba lonse ndi imodzi.

Theka la nambala yathu lili m'kabokosi kamodzi kokha, kotsiriza. M'menemo muli 9,223,372,036,854,775,808, ndipo timabokosi 63 totsalato tikugawana theka linalo.

Onani mmene chiwerengero chikuthamangira mukamaliza mzere uliwonse wa bolodi. Mzere woyamba ukatha muli pa 255. Wachiwiri, 65,535. Wachitatu, 16,777,215. Wachinayi, 4,294,967,295. Wachisanu ukatha mwadutsa kale thiriliyoni, pa 1,099,511,627,775. Manambala atatu mwa amenewa, 255, 65,535 ndi 4,294,967,295, muwasunge m'mutu. Tikumana nawonso pa funso la manambala amene amaigawa.

Chimanga chimenechi chingakhale matumba angati?

Apa tikuyerekeza, chifukwa njere zimasiyana kukula. Tiyeni tinene kuti njere zitatu zimalemera gilamu imodzi. Thumba la makilogalamu 50 likhala ndi njere 150,000.

Timabokosi 17 toyamba, kuphatikiza tonse, sitikwana thumba. Kabokosi ka 18 kokha kali ndi njere 131,072, thumba loperewera pang'ono. Ka 21 kali ndi matumba 7. Mukafika pakati pa bolodi, zonse pamodzi zakwana matumba opitirira 28,600, omwe ndi malole 48 a matani 30. N'chimanga chambiri, komabe mwini esiteti yaikulu akhoza kuchigula. Mfumu ya m'nthano ija ikanafika apa ikadali kumwetulira.

Bolodi lonse ndi matumba pafupifupi 123 thiriliyoni, kapena kuti matani opitirira 6 thiriliyoni. Ngakhale titati Malawi azikolola matani 4 miliyoni chaka chilichonse, popanda chilala, namondwe kapena mbozi, tingalime zaka 1.5 miliyoni. Dziko lonse lapansi limakolola chimanga chokwana matani pafupifupi 1.2 biliyoni pachaka, ndipo nalonso lingafunike zaka ngati 5,000.

Ana anga amamvetsa bwino ndikawauza za malo osungira. Thumba limodzi limalowa ndowa za malita 20 zitatu ndi theka, malita 70. Chimanga chonsecho chingatenge malo okwana makyubiki kilomita 8,600, omwe ndi ofanana pafupifupi ndi madzi onse a m'nyanja ya Malawi. Mutachikhuthulira pa boma la Mulanje lokha, kuyambira ku Muloza mpaka ku malire ndi Thyolo, n'kuchisalaza, chingakwere makilomita opitirira 4. Sapitwa, ndi mamita ake 3,002, angakwiririke osaonekanso nsonga.

Munthu angathe kuwerenga kuyambira 1 mpaka kufika pamenepo?

Sangathe. Kuwerenga nambala imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, osadya osagona, kungatenge zaka pafupifupi 585 biliyoni. Asayansi amati chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni, ndiye nthawi imeneyi ndi yotalika ka 42 kuposa pamenepo. Amalawi 20 miliyoni atagawana ntchitoyo, makanda ndi nkhalamba omwe, angamalize patatha zaka zopitirira 29,000. Anthu 8 biliyoni a padziko lonse angamalize m'zaka 73.

Kakyuleta yanga ikupereka yankho lina. Walakwa ndani?

Palibe walakwa. Kakyuleta ya kusukulu imaonetsa madijiti 10 okha, choncho mukalemba 2⁶⁴ imakupatsani 1.844674407 × 10¹⁹. Madijiti enawo yawabisa. Mukachotsera 1 simuona kusintha kulikonse, chifukwa 1 akukagwera kumchira kumene kakyuletayo sikukuonetsa.

Excel pa kompyuta imasunga madijiti 15, ena onse imaika ziro, ndipo imakupatsani 18,446,744,073,709,600,000. Amene amalemba malipiro ndi Excel asadandaule, ndalama zawo sizifika kumeneko. Koma mukafuna kufufuza ngati nambala yathu ikugawika ndi 17 kapena 641, yankho lodulidwa mchira chonchi silingakuthandizeni, chifukwa zotsala pogawa zimadalira dijiti iliyonse mpaka yomaliza.

Kodi ndi nambala ya prime?

Nambala ya prime ndi imene sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 7, 13 kapena 29. Yathuyi si ya prime, ndipo mwana wa Sitandade 6 akhoza kuigwira. Ikuthera ndi 5, ndiye ikugawika ndi 5: yankho ndi 3,689,348,814,741,910,323. Mukaphatikiza madijiti ake onse 20 mupeza 87, ndipo popeza 87 amagawika ndi 3, nayonso ikugawika ndi 3: yankho ndi 6,148,914,691,236,517,205.

Kuthera ndi 5 kumeneku sikunangochitika mwangozi. Mukamawirikiza 2, dijiti yomaliza imazungulira pa 2, 4, 8, 6, kenaka 2, 4, 8, 6. Kuzungulira kumodzi ndi masitepe anayi, ndipo 64 amagawika ndi 4 popanda chotsala, choncho 2⁶⁴ akuthera ndi 6. Chotserani 1, mwapeza 5. N'chifukwa chakenso manambala onse a kumapeto kwa mizere aja akuthera ndi 5.

Nanga ma prime amene amaigawa ndi ati, ndipo mumawapeza bwanji m'chinambala chotere?

Alipo 7, ndipo aliyense akupezekamo kamodzi kokha:

3 × 5 × 17 × 257 × 641 × 65,537 × 6,700,417

Kwa ine funso lokoma pa onse ndi limeneli, chifukwa asanu mwa manambalawa amatuluka okha popanda kutuluka thukuta. Chida chake ndi lamulo lija la Fomu 2 lakuti a² − 1 ndi chimodzimodzi a − 1 kuchulukitsa ndi a + 1. Mwachitsanzo 16 − 1 ndi 3 × 5, ndipo 100 − 1 ndi 9 × 11.

Yambirani pansi n'kumakwera. 3 × 5 ndi 15, yemwe ndi 16 kuchotsera 1. Mnzake wa kutsidya kwa 16 ndi 17, ndipo 15 × 17 ndi 255, mzere woyamba wa bolodi uja. 255 ali kumbuyo kwa 256, mnzake ndi 257, ndipo 255 × 257 ndi 65,535, mizere iwiri. Mnzake wa 65,535 ndi 65,537, ndipo mukawachulukitsa mupeza 4,294,967,295, lomwe ndi bawo lathunthu. Sitepe yomaliza ndi 4,294,967,295 × 4,294,967,297, ndipo imeneyi ikukufikitsani pa nambala yathu. Nthawi iliyonse mukuchulukitsa manambala awiri okhala mbali ino ndi mbali iyo ya nambala yowirikiza.

Tapeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, ndipo onsewa ndi ma prime. Watsala 4,294,967,297. Ameneyu ndiye mtedza wouma, ndipo ali ndi funso lakelake.

641 ndi 6,700,417 akuoneka achilendo pagululi. Achokera kuti?

Achokera m'mimba mwa 4,294,967,297. Manambala a mtundu wa 3, 5, 17, 257, 65,537 ndi 4,294,967,297 amatchedwa manambala a Fermat, potengera Pierre de Fermat wa ku France, yemwe ntchito yake inali ya zamalamulo, masamu ankangochita mwa kukonda. Cha m'ma 1640 iye ataona kuti asanu oyambawo ndi ma prime, anakhulupirira kuti onse a mtunduwu ndi ma prime. Patapita zaka zoposa 90, mu 1732, Leonhard Euler wa ku Switzerland anasonyeza kuti wachisanu ndi chimodziyo amagawika ndi 641.

Yesani nokha papepala. 6,700,417 × 600 ndi 4,020,250,200. Kuchulukitsa ndi 40 ndi 268,016,680. Kuchulukitsa ndi 1 ndi 6,700,417. Phatikizani atatuwa, mupeza 4,294,967,297.

Kutsimikiza n'kosavuta munthu akakuuzani kale 641. Luso linali kumupeza kopanda makina. Euler anasonyeza kuti prime aliyense wogawa nambala imeneyi ayenera kukhala wotsala 1 akagawidwa ndi 64. Ma prime otere oyambirira ndi 193, 257, 449, 577 ndi 641. M'malo moyesa manambala mazanamazana, munthu ayesa asanu okha, ndipo wachisanu akulowa. Mnzake uja nayenso amamvera lamulo lomwelo: 6,700,417 ndi 64 × 104,694 kuphatikiza 1.

Mpaka lero palibe amene wapeza prime wina wa Fermat kuposa asanu aja. Onse amene anawayesa pambuyo pa 65,537 anapezeka kuti amagawika. Ndimakonda kuwauza ana nkhaniyi akayamba kunena kuti chinthu n'choona chifukwa achiyesa kasanu ndipo chatheka. Fermat nayenso anayesa kasanu.

Asanu amenewa amatulukiranso pena posayembekezeka. Mu 1796 Carl Friedrich Gauss, asanakwanitse zaka 19, anasonyeza kuti chinthu cha mbali 17 zofanana ndi ngodya zofanana chikhoza kujambulidwa ndi rula ndi kampasi basi. Cha mbali 3, 5, 257 ndi 65,537 n'chothekanso, koma cha mbali 7 kapena 9 sichitheka ngakhale mutalimbikira bwanji.

Manambala onse amene amaigawa popanda chotsala alipo angati?

Alipo 128. Kuti mupange nambala yoigawa, mumatenga ena mwa ma prime 7 aja n'kuwachulukitsa. Pa prime aliyense muli ndi zosankha ziwiri, kumutenga kapena kumusiya. 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2 ndi 128. Mukawasiya onse mwapeza 1, mukawatenga onse mwapeza nambala yeniyeniyo. Ang'onoang'ono ake ndi 1, 3, 5, 15, 17, 51, 85, 255 ndi 257.

Kwa nambala ya msinkhu umenewu, 128 ndi ochepa. 83,160, yemwe ali ndi madijiti asanu okha, nayenso ali ndi manambala 128 omugawa.

Pali manambala monga 6, 28, 496 ndi 8,128 amene mukaphatikiza onse owagawa, kusiyapo iwo eni, mumabwerera pa nambala yomweyo: 1 + 2 + 4 + 7 + 14 ndi 28. Yathuyi siili m'gulu limenelo. Mukaphatikiza 127 enawo mufika pa magawo pafupifupi 70 pa 100 a iyo.

Tikaigawa ndi 7, 9 kapena 11 patsala zingati?

Ndi 7 patsala 1, ndi 9 patsala 6, ndi 11 patsala 4. Simukufunika kugawa chinambala chonsecho.

Tengani 7. Mukamawirikiza 2 n'kumangoona zotsala, mupeza 2, 4, 1, kenaka 2, 4, 1, kuzungulira masitepe atatu. 63 amagawika ndi 3, ndiye sitepe ya 63 ikusiya 1, ya 64 ikusiya 2, ndipo mukachotsera 1 uja patsala 1. Tanthauzo lake ndi ili: ngati lero ndi Lachiwiri, pakadzatha masiku 18,446,744,073,709,551,615 lidzakhala Lachitatu.

Za 9 n'zapafupi koposa. Madijiti aja anatipatsa 87, ndipo 87 ndi 81 kuphatikiza 6. Za 11 ndakusiyirani, kuzungulira kwake ndi masitepe 10.

Kodi pali nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka yathuyi?

Palibe, koma yaphonya ndi imodzi yokha. 4,294,967,296 × 4,294,967,296 ndi 2⁶⁴. Yerekezerani munda wa tiyi wa mizere 4,294,967,296, mzere uliwonse uli ndi mitengo 4,294,967,296, koma mtengo umodzi wa pangodya unauma. Mitengo yamoyo ndiyo nambala yathu.

Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana kumchira. 5 × 5 ndi 25, 15 × 15 ndi 225, 35 × 35 ndi 1,225. Sikweya iliyonse yothera ndi 5 imathera ndi 25. Yathuyi ikuthera ndi 15.

Titaima pa kabokosi kena osafika pa 64, tingapeze prime?

Inde, m'malo 9. Mukaima pa kabokosi ka 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31 kapena 61, njere zonse pamodzi zimakhala prime: 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071, 524,287, 2,147,483,647 ndi 2,305,843,009,213,693,951. Amenewa amatchedwa ma prime a Mersenne, potengera Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648.

Mwaona kuti manambala a timabokosiwo nawonso ndi ma prime. Ziyenera kutero. Ngati nambala ya kabokosi ikugawika, chiwerengero cha njere nachonso chimagawika, monga mmene 64 anadulikira pakati mobwerezabwereza pa funso la ma prime 7 lija. Koma musatembenuze lamuloli. 11 ndi prime, komabe kuima pa kabokosi ka 11 kumapereka 2,047, yemwe ndi 23 × 89.

Euler yemwe uja ndi amene anatsimikiza mu 1772 kuti 2,147,483,647 ndi prime. Wa pa kabokosi ka 61 anamutsimikiza ndi wansembe wa ku Russia, Ivan Pervushin, mu 1883. Mersenne mwiniwake anamudumpha 61 pa mndandanda wake, n'kuikapo 67 amene sayenera kukhalapo. Mu 1903, pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York, Frank Nelson Cole anasonyeza kuti 2⁶⁷ − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Amati anangopita pabolodi, n'kuchulukitsa ndi choko osayankhula kanthu, n'kubwerera pampando anthu akuwomba m'manja.

Kusaka kumeneku kukupitirirabe, tsopano ndi makompyuta a anthu odzipereka m'gulu lotchedwa GIMPS. Mu Okutobala 2024 anapeza kuti 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1 ndi prime. Ali ndi madijiti 41,024,320.

Ena amafunsanso za prime woyandikana ndi nambala yathu kuchokera kumunsi. Ndi 18,446,744,073,709,551,557, masitepe 58 kubwerera m'mbuyo.

Ndimamva zoti foni kapena kompyuta ndi ya 64-bit. Zikugwirizana ndi nambalayi?

Kwambiri. Kompyuta imasunga nambala m'timaswitchi ting'onoting'ono, kalikonse kamakhala koyatsa kapena kozimitsa, 1 kapena 0. Kaswitchi kamodzi ndiye bit. Koyamba kamaimira 1, kachiwiri 2, kachitatu 4, ndendende ngati timabokosi ta pabolodi. Mukayatsa tonse 64, nambala imene yasungidwa ndi 18,446,744,073,709,551,615. M'kalembedwe ka kompyuta imeneyi ndi ma 1 okhaokha 64 ondondozana, ndipo ndiyo nambala yaikulu kwambiri imene ingakwane m'malo a ma bit 64. Mukaonjezera 1, m'mapulogalamu ambiri zonse zimabwerera pa 0, ngati mita ya makilomita ya minibasi yakale ikadzaza ma 9.

Malire oterewa amavutitsa pamene ma bit ali ochepa. Makina ambiri akale amawerenga nthawi ngati masekondi amene adutsa kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo amawasunga m'ma bit 32, imodzi itapatulidwa kuti izisonyeza ngati nambala ili pansi pa ziro. Malire awo ndi 2,147,483,647, prime wa Euler uja. Masekondi amenewo adzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu. N'chifukwa chake opanga mapulogalamu akhala akusamukira ku ma bit 64, kumene malire ake ali kutali zaka mabiliyoni mazanamazana.

Imapezekanso pena, kupatula pa bolodi ndi pa kompyuta?

Pali masewera otchedwa Tower of Hanoi, amene Édouard Lucas wa ku France anatulutsa mu 1883. Mungawasewere kukhitchini ndi zivundikiro za mapoto zosiyana kukula. Zisanjikeni pamalo amodzi, chachikulu pansi, chaching'ono pamwamba. Muli ndi malo atatu oika. Ntchito ndi kusamutsa mulu wonse kupita pamalo ena, chivundikiro chimodzi pa nthawi, osaika chachikulu pamwamba pa chaching'ono.

Zivundikiro zitatu zimafuna kusuntha ka 7, zinayi ka 15, zisanu ka 31. Kuti musunthe chapansi muyenera kuchotsa kaye mulu wonse wapamwamba, ndipo mukachisuntha muubwezeretsenso pamwamba pake, ndiye chivundikiro chilichonse choonjezera chimawirikiza ntchito n'kuikapo imodzi. Masewerawa anadza ndi nthano ya ansembe amene akusamutsa mbale 64 zagolide, ndipo akadzamaliza dziko lidzatha. Kusuntha kofunika ndi 2⁶⁴ − 1. Nthawi yake mwaiona kale pa funso la kuwerenga lija.

Zonsezi zili ndi phindu lanji kwa ine wogulitsa nthochi ndi zinanazi?

Anandifunsa chonchi mayi wina ndipo ndinawayankha ndi katapila. Tiyerekeze kuti mwakongola K10,000 kwa munthu amene akuti mwezi ukatha mubweze kawiri, ndipo mukalephera, ngongole yonseyo iwirikizanso mwezi wotsatira. Mwezi woyamba ndi K20,000, wachiwiri K40,000. Pa miyezi 6 yafika K640,000. Chaka chikatha ndi K40,960,000. Ngakhale chiwongoladzanja chitakhala theka pamwezi, K10,000 ija imadutsa K113,000 pa miyezi 6. Amene amakongola amayang'ana timabokosi tiwiri toyamba, pamene wokongoza akuyang'ana mzere wachiwiri.

Ana ndimawafunsa kuti asankhe: K1 miliyoni lero, kapena tambala imodzi lero, ziwiri mawa, zinayi mkuja, mpaka masiku 30. Ambiri amathamangira miliyoni. Matambala aja pa tsiku la 20 amakhala atangokwana K10,485.75, ndipo osankha miliyoni amayamba kuseka anzawo. Pa tsiku la 30 akwana K10,737,418.23.

Ndiye kodi imeneyi ndiyo nambala yaikulu kuposa zonse?

Ayi. Palibe nambala yaikulu kuposa zonse, chifukwa iliyonse imene mungatchule, wina aonjezerapo 1.

Ndipo simukusowa kupita kutali kuti mupeze zoiposa. Kabokosi kamitundumitundu kaja kotchedwa Rubik's Cube kakhoza kusokonezedwa m'njira 43,252,003,274,489,856,000, kuposa kawiri nambala yathu. Makhadi 52 a njuga akhoza kusanjidwa m'njira zimene nambala yake ili ndi madijiti 68, pamene yathuyi ili ndi 20. Googol ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 100, ndipo dzinalo analipeka ndi mwana wa zaka 9, Milton Sirotta, atafunsidwa ndi mbale wake Edward Kasner yemwe anali katswiri wa masamu.

Mukadzapita ku Likhubula, viikani chala m'madzi n'kuchitukula. Dontho limene likulendewera kunsongako, ngati lili la kukula kwa masiku onse, madontho 20 pa mililita imodzi, lili ndi mamolekyu, tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga madzi, ochuluka pafupifupi ka 90 kuposa njere zonse za pabolodi lija.